Theka la Achimwene

Ofesi yolembetsa mabizinesi inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo fungo la chikopa chatsopano linkakwera masitepe limodzi ndi anthu. Wamng'ono anafika atavala jekete limene ankavala popita kwa dokotala ndi kumaliro basi. Anali bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, koma dzina lakelo linakana kukula naye. Kufakitale ya magalasi, kumene iye ndi mkulu wake analowa ntchito akadali anyamata, wina ankatchedwa Wamkulu, wina Wamng'ono, ndipo zinakhala choncho mpaka fakitaleyo inatsekedwa.

Nambala yake itaitanidwa anapita pawindo lakumapeto. Kuseri kwake kunali mayi wa mandala okhala ndi kachingwe ka m'khosi. Wamng'ono anayamba wayang'ana galasi la windolo asanayang'ane mayiyo. Amene analidula anali waulesi. M'mphepete mwake munali mano.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Ndikufuna kulembetsa shopu. Yodula magalasi."

"Mwa njira iti? Zilipotu zitatu." Mayiyo anatukula zala, n'kuyamba kulankhula ndi mawu a munthu amene wakhala akunena zomwezo kuyambira m'mawa. "Yoyamba, muli nokha. Bizinesi ndi inu, inu ndi bizinesi. Ikadya mwadya ndinu, ikapalamula mwapalamula ndinu, ndipo tsiku limene mudzagone osadzuka, nayonso yagona. Yachiwiri, muli awiri kapena angapo, mwagwirizana. Pamenepo dzanja la mnzanu ndi dzanja lanu. Iye akasaina zopusa kwinakwake inu muli m'bafa, mlandu ukupezani sopo ali m'maso, ndipo akhoza kukunyamulirani ndi mipando ya kunyumba yomwe. Mmodzi akafa, mgwirizano wathera pomwepo."

"Nanga yachitatu?"

"Kampani. Imeneyo lamulo limaiona ngati munthu payekha. Alibe thupi, koma ali ndi dzina, ali ndi katundu wake, amapalamula yekha n'kulipira yekha. Eni ake mumangogawana masheya. Mukafa, iye amatsala. Kungoti ndi wodula kumubereka, ndipo chaka chilichonse amafuna mapepala ngati mwana wasukulu. A mashopu ang'onoang'ono ambiri amamuthawa. Ndiye inu muli angati?"

"Awiri," anatero Wamng'ono. Mawuwo anatuluka okha. "Ine ndi achimwene. Theka theka."

"Yachiwiri imeneyo. Aliyense abwere ndi chiphaso chake adzasaine pano, kaya tsiku limodzi, kaya masiku osiyana, windo lililonse. Ali kuti achimwenewo?"

"Sanathe kubwera."

"Akuluakulu onse ndi otero. Kuima pamzere amatuma ang'ono." Mayiyo anaseka pang'ono n'kumukankhira fomu pansi pa galasi. "Akamasuka muwauze."

Wamng'ono anapinda fomuyo bwinobwino n'kutsika masitepe. Sananame, anadziuza yekha. Achimwene sanathedi kubwera. Anamwalira kumayambiriro kwa nyengo yozizira, shopuyo isanagulitse ngakhale kagalasi ka wotchi.

Shopuyo inali pakati pa kanyumba kodulira makiyi ndi sitolo ya mankhwala. Chinali chipinda chimodzi chachitali, pakati pali tebulo lalikulu lofundika bulangete, magalasi atatsamira m'matabwa m'mbali, akalilole onse atayang'ana kukhoma kuti asakandike. Tebulolo analitenga kufakitale m'malo mwa malipiro omaliza. Lendi, utoto, magalasi oyambira, zonse anasonkha mofanana. Zolembetsa ankangoti tichita sabata yamawa. M'mawa wina achimwene anagwa pambali pa tebulo, ndipo kuchipatala anakhalako osalankhula mpaka mapeto.

Kuyambira pamenepo Wamng'ono ankatsegula chitseko tsiku lililonse, kusesa, kupukuta fumbi, n'kukhala pa kampando kuyang'ana msewu. Wofuna galasi akabwera ankamuuza kuti sitinayambe. Tsopano munthu wa kukhonsolo anali atadutsa n'kusiya mawu: popanda satifiketi pakhoma, pachitseko padzakhala loko wina amene kiyi wake alibe.

Kulembetsa yekha kunali kosavuta, kotchipa, kwa m'mawa umodzi. Koma pepalalo likananena kuti tebulo, magalasi ndi makoma oyerawo ndi za munthu mmodzi, ngati kuti winayo sanagwirepo bulashi. Theka la achimwene likanasungunuka mwakachetechete m'dzina lake, popanda womuimba mlandu.

Anatsegula dilowa ya pansi pa tebulo. Kuchipatala anamupatsa jekete la achimwene. Jeketelo anakapereka kwa alamu ake, mkazi wa achimwenewo, koma chiphaso chimene chinali m'thumba chinatsala kuno. Anachiyang'anitsitsa. Ankasiyana chaka chimodzi chokha, ndipo mayi awo omwe ankawasokoneza akakhala chapatali. Siginecha ya achimwene ankaidziwa ngati njira ya kwawo: chilembo chachikulu chopendekera, kenako mchira wautali.

Chovala cha ntchito cha achimwene chinali chikadali pamsomali, kapu yake ili pamwamba. Wamng'ono anavula jekete n'kuvala chovalacho. Chinamukwana ndendende, ndipo chinkanunkhabe palafini wa kawilo kodulira magalasi ndi sopo wa kunyumba kwa alamu. Anatsitsa kapu mpaka pa nsidze. Kenako anakumbatira kalilole mmodzi wamtali n'kumutembenuza.

Munthu wa m'kaliloleyo anaima atalemetsa phazi lakumanzere, phewa limodzi litatsika, monga achimwene ankaimira akamayeza galasi ndi maso. Wamng'ono sanakumbukire kuti wasuntha phazi. Anadikira kuti munthuyo anene kanthu, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati nayenso akudikira.

"Neba, tiyi uja wa..."

Wamakiyi anaima pakhomo ndi makapu awiri. Tiyi anamutayikira padzanja koma sanamve kutentha. Anali mkulu wonenepa, wokonda zoseka, koma nkhope yake inali itatuwa ngati phulusa.

"Vulani zimenezo, neba."

"Ndimangoyesa."

"Mukuyesa ndani, ine kapena Mulungu? Mtima ndili nawo umodzi wokha, ndipo sindingadulitse wina ngati kiyi." Anaika makapu pa shelefu. Maso ake anagwera pa chiphaso ndi fomu zimene zinali pa bulangete, n'kukhala pamenepo. "Aa. Ndiye mukufuna mukaime pamzere kawiri."

Wamng'ono anavula kapu.

"Ine sindinaone kanthu," anatero Wamakiyi. "Koma ali ndi mkazi munthuyu. Ali ndi mwana kukoleji. Pitani mukalankhule ndi amoyo, neba. Tiyi wanu uyo, watsala theka."

Alamu a Wamng'ono ankagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu za kuhotela, ndipo tsiku lawo lopuma ankasita zakunyumba. Wamng'ono anawapeza kukhitchini, simbi ili m'manja, wailesi ikung'ung'udza pa firiji. Chichitikireni maliro, alamuwo sankamuyang'ana kumaso. Ankalankhula ndi nsapato zake, kapena ndi khoma la kumbuyo kwake.

"Khalani, alamu. Osati pamenepo."

Wamng'ono anachoka pa mpando wa pawindo n'kukhala pa kasitulu. Anafunsa za mwana. Mwana anali bwino, mayeso akuyandikira, nsapato zatha. Kenako anafotokoza za munthu wa kukhonsolo ndi njira zitatu zija, pang'onopang'ono, monga anazimvera.

"Lembani nokha," anatero alamu, akutembenuza mkono wa malaya. "Mwavutikiranji kubwera?"

"Theka ndi la achimwene."

"Achimwene anu sakulifuna. Inenso sindikulifuna. Chipinda chimene chija sindifuna n'kuchidutsa komwe. Ndimatsika basi patsogolo n'kubwerera wapansi njira ina. Tengani zonse."

"Mukhoza kulowa m'malo mwawo, tikhale awiri. Koma ndinene zoona, njira imeneyo ili ndi minga. Galasi likapulumuka pa nyumba yosanja n'kugwera mwana wa eni, mlandu sudzathera pashopu. Udzafika pakhomo pano."

Simbi inaima. "Nyumba ino?"

"Nyumba ino."

"Ndiye mwabwera kudzandipatsa mphatso yabwino, alamu. Nanga yachitatuyo mwati chiyani?"

"Kampani. Akuti ndi munthu payekha, wopanda thupi. Katundu amakhala wake, milandu yake. Ife timangogwira masheya."

"Wopanda thupi winanso? Amene muli naye mushopumo sakukukwanirani?"

Anatero mopanda kuseka, ndipo Wamng'ono sanadziwe poika maso. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa chiphaso chija, n'kuchiika pa tebulo lositira pafupi ndi mulu wa mapilo. Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaimika simbi chilili.

"Ndinachifunafuna ichi. Ndinakhuthula matumba onse, mpaka kuganiza kuti anamwino anachitaya." Anachitola ndi nsonga za zala. "Munachisungira chiyani?"

"Kuofesi kuja ndinanena kuti tili awiri. Anati aliyense akasaine."

Panapita kanthawi kuti alamu amvetse. Atamvetsa, kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana kumaso, ndipo Wamng'ono anaona mmene zinawawawira, ngati munthu woyang'ana dzuwa dala.

"Pepala la imfa yawo ndinasaina ndine," anatero motsitsa mawu. "Mlembi anachita kundisonyeza pamzere. Inu mumafuna mukasaine la moyo wawo? Kuti chaka chamawa kalata ya msonkho ibwere pakhomo pano ili ndi dzina lawo, ndiitsegule ine?"

"Sindinapite."

"Koma munavala zovala zawo. Musadabwe, mkazi wa Wamakiyi timakwera basi imodzi. Wandiuzanso kuti anthu mumawabweza pakhomo. Lendi mukulipira, magalasi alimo, manja muli nawo. Chikukuletsani n'chiyani? Pepala?"

"Tebulo," anatero Wamng'ono. "Pali kanthu pa tebulo."

Alamu anaika chiphaso m'thumba la epuloni, natenganso simbi. Anasita pilo mmodzi mpaka kumaliza, kenako wina.

"Mawa ndikaweruka," anatero.

Anabweradi, dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Anaima kaye pakhomo atagwira chikwama ndi manja onse awiri. Wamakiyi anazimitsa makina ake n'kulowa mkati mwa kanyumba kake ngati waitanidwa.

Wamng'ono anachotsa bulangete. Pansi pake panali galasi lalikulu la windo la pabalaza, ndipo pakati pake, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, panali mzere woyera wopyapyala ngati tsitsi.

Zaka zonse za kufakitale ankagwira ntchito mwa njira imodzi. Achimwene ankakanda mzere ndi kawilo, kamodzi kokha, osabwereza. Wamng'ono ankaima mbali inayo, manja ali kale m'mphepete, ndipo kawilo kakangotuluka kumapeto iye ankathyola. Sankalankhulana. Mzere umafunika kuthyoledwa nthawi yomweyo, ukadali wotentha, monga amanenera odula magalasi. Ukausiya umazizira, ndipo galasi limaiwala njira imene lasonyezedwa n'kupita kumene lafuna.

"Anali atangomaliza kukanda," anatero Wamng'ono. "Manja anga anali apa. Ndinamva kawilo kakugwa pansi, ndiye ndinakweza maso."

Alamu anayandikira. Anayendetsa chala pamwamba pa mzerewo osaukhudza.

"Unawongoka."

"Sankaphonya."

"Mukathyola lero?"

"Silitsata mzere. Wazizira kalekale."

"Ndiye mwakhala mukulondera galasi lowonongeka." Anaika chikwama pa kampando. "Ankaima pati?"

Wamng'ono anawasonyeza. Alamu anaima pamenepo, n'kuyala zikhatho zawo pagalasi mmene anawauzira, kutali ndi m'mphepete. Padzanja lawo lamanja panali chipsera chakale cha simbi. Kunja basi inadutsa, ndipo magalasi onse a m'matabwa analira pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse, kungoti lero Wamng'ono anawamva bwino.

"Thyolani, alamu."

Anakokera galasi kumapeto kwa tebulo mpaka mzere unafika pa ngodya. Anagwira. Manja ake ankadziwa ntchitoyo kuposa iye, ndipo anatsika okha.

Mng'alu unatsata mzere kutalika kwa chikhatho chimodzi, mwaulemu, ngati ukukumbukira. Kenako unakhota, n'kuthamangira pakona. Wamng'ono anatsala atagwira chidutswa chosongoka ngati phiko, ndipo chachikulu chinatsala pansi pa manja a alamu, mzere wa achimwene ukadali pamenepo, wosagwira ntchito.

Palibe chinagwa, palibe chinasuntha pamsomali.

"Ndi zomwezi?" anafunsa alamu.

"Ndi zomwezi."

"Chachikuluchi mungatulutsemo chiyani?"

Wamng'ono anachiyeza ndi maso. "Mawindo a bafa. Awiri, mwina atatu."

Alamu anachotsa manja pagalasi, n'kuyang'ana zizindikiro za zikhatho zawo zikuzimiririka. Anasuntha chikwama n'kukhala pa kampando. Analankhula akuyang'ana msewu.

"Munthu wanu wopanda thupi uja. Ndikagwira theka lake, ndiyenera kumabwera muno?"

"Ayi. Kusaina kokha, kamodzi pachaka."

"Nyumba?"

"Saikhudza. Pokhapokha mutaisainira nokha ngati chikole, ndipo ine sindidzakupemphani."

"Ndikafa?"

"Masheya apita kwa mwana. Shopu sitseka."

"Mwati ndi wodula."

"Ndigulitsa akalilole awiri aataliwo. Sindikuwafunanso muno."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chinthu chimodzi. Dzina lawo musalipachike pachikwangwani. Sindifuna lizinyowa ndi mvula, anthu n'kumalitukwana windo lawo likachedwa. Mupezereni dzina lake munthu wanuyo."

Anapita kuofesi kuja m'mawa wa tsiku limene alamu ankalowa ntchito masana. Nambala yawo inawagwetsera pawindo lakumapeto lomwe lija. Mayi wa mandala anamuzindikira.

"Bambo a magalasi. Achimwene aja asanduka amayi?"

"Awa ndi alamu anga. Achimwene anamwalira, mayi. Anali atamwalira kale tsiku lija."

Mayiyo anavula mandala n'kuwasiya alendewere pachifuwa. Anayang'ana Wamng'ono, kenako alamu, kenako manja ake.

"Ndipo ine ndinaseka nazo. Pepani, bambo. Pepani, mayi."

"Simunadziwe," anatero alamu. "Tikufuna yachitatu ija."

Mapepala a kampani anali ambiri. Mayiyo anawatsogolera tsamba ndi tsamba, mosathamanga, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo. Woyendetsa ntchito, Wamng'ono. Eni masheya, awiri, mofanana. Dzina anatenga la msewu umene shopuyo inali, n'kuwonjezapo mawu oti magalasi. Mayiyo anafufuza pa kompyuta n'kupeza kuti palibe analitenga. Alamu anasaina mosamala, lilime lili pakati pa mano. Chidindo chinagunda, ndipo galasi la mano lija linanjenjemera mufelemu yake.

"Satifiketi ituluka masiku akubwerawa," anatero mayiyo. "Koma kuyambira pano munthu wanu alipo. Nayi kope yanu."

Wamng'ono anaima pambali, pafupi ndi masitepe, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anapeza dzina lake kangapo, la alamu kangapo, la kampani pamwamba pa tsamba lililonse. Anafika kumapeto, natembenuza tsamba lomaliza. Kumbuyo kwake kunali koyera.

"Dzina lawo mulibemo," anatero alamu. Silinali funso.

"Mulibe."

Alamu anatenga mapepalawo, n'kutsegula tsamba la masheya, n'kuika chala pa mzere wachiwiri.

"Theka ili ndi lawo. Ine ndangoligwirira mwana." Anamubwezera mapepala. "Tiyeni, ndichedwa."

Anatsika masitepe, alamu patsogolo. Panja dzuwa linali litakwera, ndipo mnyamata wa sitolo ya nsapato ankayala katundu pakhonde. Kokwerera basi kunali kumanzere, kushopu kumanja. Alamu anakonza lamba wa chikwama paphewa, akuyang'ana magalimoto.

"Mapepala a chaka ndi chaka aja muzibwera nawo kunyumba. Osawatumiza ndi munthu. Mwana azikuonani."

"Chabwino, alamu."

"Koma muzigogoda."

"Ndimagogoda nthawi zonse."

"Ndikudziwa," anatero alamu. "Muzigogoda mwa mtundu wina, osati ngati achimwene anu."

Basi yawo inali ikubwera. Wamng'ono anadikira mpaka atakwera, kenako anaika mapepala mkati mwa jekete n'kuwoloka msewu.